Kamera ndi kompyuta: zoyenera ndi zosayenera pa Windows, Mac ndi Linux

Wojambula zithunzi akamadandaula kuti kompyuta ikukana kamera yake, kawirikawiri kamerayo imakhala ilibe mlandu. Vuto limakhala pa mmene khadi linafomatidwira, pa mtundu wa mafayilo, kapena pa pulogalamu ya kampani yopanga kamera. Windows, macOS ndi Linux zimasiyana pa zitatu zonsezi. Ine ndimaona kuti khadi mwini wake ndi kamera, ndipo ntchito ya kompyuta ndi kukopera zithunzi basi.

Kufomata khadi

*Choyenera:* Fomatani khadi m'kamera momwemo, zithunzi mutazisunga kale kwina. Kamera imasankha yokha kalembedwe koyenera: makhadi a SDHC, osapitirira 32GB, amayendera FAT32, pamene a SDXC, okulirapo, amayendera exFAT. Imapanganso foda ya DCIM, imene makompyuta a mitundu yonse itatu amaizindikira.

*Chosayenera:* Musafomate khadi pa kompyuta n'kusankha NTFS ya Windows kapena APFS ya Mac. Kamera siiwerenga ziwirizi. Ngakhale makompyutawo sagwirizana pa izi: Mac imawerenga NTFS koma payokha siilembamo, ndipo Windows APFS siidziwa n'komwe.

Kompyuta ikapempha kufomata

Apa ndi pamene zithunzi za ukwati wa eni ake zimatayikira, ndiye tikhalepo pang'ono.

*Choyenera:* Uthenga woti khadi likufunika kufomata ukatuluka, kanani, tulutsani khadilo, mukaliyese pa kompyuta ina kapena mulibwezere m'kamera muone ngati zithunzi zikuoneka. Nthawi zina khadi limakhala labwinobwino, kungoti kompyuta ndi yakale, siidziwa exFAT. Windows XP imafuna kuwonjezeredwa kapulogalamu kuti iwerenge exFAT. Mac inayamba kuiwerenga mu 2010, pa Mac OS X 10.6.5. Linux inaiika m'kati mwake mu 2019, Microsoft itatulutsa poyera kapangidwe kake. Pa Linux yakale mumachita kuikamo nokha.

*Chosayenera:* Musadine "Format" poganiza kuti mukukonza. Ndipo ngati mwadina kale, musajambulenso chilichonse pa khadilo, chifukwa chithunzi chatsopano chimalembedwa pamalo a chakale. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imagwira ntchito pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo kawirikawiri imabweza zithunzi ngati khadi lasiyidwa osakhudzidwa. Mayina a mafayilo amasintha, koma zimenezo n'zazing'ono pamene mkwatibwi akudikira zithunzi zake.

Kanema wautali akaduka m'zigawo pa khadi la 32GB musadabwe. FAT32 siilola fayilo imodzi kupitirira 4GB.

Chingwe kapena kowerengera khadi

*Choyenera:* Khalani ndi kachipangizo kowerengera khadi m'chikwama cha kamera. Khadi likalowa mmenemo limaoneka ngati fulashi pa kompyuta iliyonse, ndipo batire ya kamera siitha.

*Chosayenera:* Musathamangire kunena kuti kamera yafa chifukwa simukuiona pa Finder ya Mac. Makamera ambiri amalankhula ndi kompyuta kudzera m'njira yotchedwa PTP, ndiye saoneka ngati fulashi. Pa Mac tsegulani Image Capture kapena Photos. Pa Windows kamera imaoneka mu File Explorer. Pa Linux ntchitoyi imagwiridwa ndi gPhoto2, imene Shotwell ndi digiKam zimadalira. Chingwenso chiyang'aneni: zina zogulitsidwa pamodzi ndi machaja n'zotchajira chabe, sizidutsitsa mafayilo.

JPEG ndi RAW

*Choyenera:* Ngati zithunzi zikupita kwa anthu ena, kapena mukukatsukitsa kusitudiyo kumene simukudziwa kompyuta yake, ikani kamera kuti izisunga RAW ndi JPEG pamodzi. JPEG imatseguka paliponse. RAW kampani iliyonse ili ndi yakeyake: Canon CR2 ndi CR3, Nikon NEF, Sony ARW, Fujifilm RAF. Pa Windows ikani Raw Image Extension yochokera ku Microsoft Store. Pa Linux pali darktable ndi RawTherapee, zaulere, zimene zilinso pa Windows ndi Mac.

*Chosayenera:* Musayembekeze kuti pulogalamu yakale itsegula RAW ya kamera yatsopano. CR3 inabwera mu 2018 ndi Canon EOS M50, choncho Photoshop ya zaka za m'mbuyo mwake siingaidziwe. Simukufunika kugula ina: Adobe DNG Converter ndi yaulere pa Windows ndi Mac, ndipo imasandutsa mafayilowo kukhala DNG, mtundu umene Adobe inatulutsa mu 2004. Samalaninso ndi HEIF, imene makamera ena atsopano amasunga m'malo mwa JPEG. Pa Windows HEIF imafuna kuwonjezera mapulogalamu ena, ndipo kasitomala sangavutike nazo zimenezo, angokuimbirani kuti zithunzi sizikutseguka.

Mapulogalamu a kampani

*Choyenera:* Musanasinthe kompyuta kapena kukweza macOS kapena Windows, pitani pa tsamba la kampani ya kamera yanu muone ngati pulogalamu yake ikugwira pamenepo. Izi n'zofunika kwambiri kwa ojambula zithunzi za ziphaso ndi za m'situdiyo, amene chithunzi chimachoka m'kamera n'kufika pa sikirini nthawi yomweyo.

*Chosayenera:* CD imene inabwera m'katoni ya kamera musaidalire. Kuyambira pa macOS Catalina mu 2019, Mac inasiya kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit, ndipo akale ambiri anathera pomwepo. A Linux musataye nthawi kufunafuna EOS Utility kapena NX Studio, chifukwa Canon ndi Nikon amazipangira Windows ndi Mac zokha. N'zosasangalatsa kuti munthu wagula kamera yodula chonchi n'kumakanizidwa pulogalamu, komabe gPhoto2 imatha kuyendetsa makamera ambiri a makampani awiriwa.

Khadi pa kompyuta ya eni

*Choyenera:* Popita kukatsukitsa zithunzi, koperani zofunikazo pa fulashi, khadi litsale kunyumba. Zikavuta, tsitsani kaloko kali m'mbali mwa khadi la SD musanalipereke. Zowerengera zambiri zimakamvera kalokoko, ndipo vayirasi ya pa Windows yobisa mafoda n'kusiya njira zachidule zokhazokha imasowa polowera.

*Chosayenera:* Musafufute zithunzi za pa khadi kudzera pa kompyuta. Pa Mac, zimene mwaponya mu Trash zimatsalabe pa khadi m'foda yobisika mpaka mutakhuthula Trash khadilo lili momwemo, ndiye kamera imapitiriza kunena kuti malo atha pamene zithunzi simukuziona. Ndipo musazule khadi kompyuta ikadali kulembamo, makamaka pa Linux ndi Mac, zimene nthawi zina zimayamba zasunga zinthu pambali n'kumalemba pambuyo pake. Dinani "Eject" kaye, mudikire mpaka chizindikiro cha khadi chichoke pa sikirini.