Phunziro la Umoyo: Kukwera Njinga Zonyamula Anthu Mosamala

Phunziro la sabata ino likunena za njinga zonyamula anthu, zopalasa ndi zamoto zomwe. Ku Chipata njinga zopalasa zakhala zikunyamula anthu kwa zaka zambiri, ndipo anzathu a ku Malawi amazicha kabaza. Masiku ano mithuthuthu yafika ponseponse, ngakhale ku Feira m'boma la Luangwa. Imathandiza amai opita ku msika wa nsomba ndi odwala opita ku cipatala. Koma wokwera njinga alibe citsulo comuchinga ngati wa m'galimoto. Ikagwa, thupi lake ndilo limagunda pansi.

Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu caka ciliconse. Linanenanso kuti cisoti colimba, cikabvalidwa bwino, cingacepetse ngozi ya kubvulala kwa ubongo mpaka kufika pa 74 pa 100 aliyense.

Kwa anthu a ku Feira nkhaniyi ndi yaikulu. Kucokera pa boma kufika pa mlatho wa Luangwa pali makilomita pafupifupi 90, ndipo Lusaka ili kutali makilomita opitirira 300. Cipatala ca Katondwe cimathandiza ambiri, koma wosweka mutu kwambiri amafunika kutumizidwa ku UTH. Magazi akamatayikira mkati mwa mutu sadikira ulendo wautali cotere.

Malamulo alipo. Lamulo la pamseu la 2002 ndilo linakhazikitsa bungwe la RTSA. Woyendetsa mthuthuthu ayenera kukhala ndi laisensi ndi inshuwalansi, ndipo iye ndi womukweza onse abvale zisoti. Koma apolisi sangaime pa kanjira kalikonse. Wapolisi woyamba ndinu amene mukulipira ndalama.

Musanakwere kumbukirani izi:

1. Pemphani cisoti ndipo mumange lamba wake pansi pa cibwano. Cisoti cosamanga cimabvuka munthu asanafike pansi.

2. Wokwera akhale mmodzi. Anthu atatu ndi thumba la nsomba pamwamba amalepheretsa mabuleki kugwira.

3. Woyendetsa akamanunkha mowa, musiyeni apite.

4. Amai, pindani citenje bwino kuti cisakodwe m'gudumu. Mapazi a mwana asalendewere pafupi ndi masipoko.

5. Usiku musakwere njinga yopanda nyali. Mseu wa ku Feira umadutsa mbuzi, ng'ombe ndipo nthawi zina njobvu.

Ngozi ikacitika, musamukoke wobvulala kapena kumubvula cisoti mwacangu, cifukwa khosi lingakhale litathyoka. Tsindikani bala ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke. Musam'patse madzi kapena cakudya. Wopsa ndi paipi ya utsi amuthire madzi ozizira kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Munthu amene anagunda mutu angadzuke n'kumayenda bwinobwino, koma muyang'anireni masiku awiri. Akayamba kusanza, kugona kosadzuka msanga, kulankhula zosokonezeka, kapena kutuluka magazi m'khutu, thamangirani naye ku cipatala nthawi yomweyo.

Anyamata oyendetsa njinga ndi ana athu, ndipo akufunafuna cakudya ca mabanja ao. Tikamakana kukwera popanda cisoti, iwo adzagula cisoti caciwiri, pakuti palibe wamalonda afuna kutaya kasitomala.