Kuwerenga Chizindikiro cha pa Galasi la Galimoto

M'misewu ya miyala ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene kamwala kothamangitsidwa ndi tayala la lole kamang'alula galasi la kutsogolo mosavuta, eni ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu amasintha magalasi kawirikawiri. Kuyeza kukula kwa galasi ndi kufunsa mitengo pa Mponela kapena ku Lilongwe sikuvuta munthu. Chimene ambiri amachiphonya ndi kuwerenga timalemba ta wopanga, timene timakhala pakona yam'munsi ya galasi.

Wogula apukute konayo ndi kuwerenga yekha asanapereke ndalama. Pagalasi la kutsogolo nthawi zambiri pamapezeka mawu akuti LAMINATED, kutanthauza magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, kotero kuti likasweka limang'aluka ngati ukonde wa kangaude koma zidutswa zake sizigwa. Mawu akuti TEMPERED kapena TOUGHENED amasonyeza galasi loumitsidwa ndi moto, limene limaphwanyika n'kukhala timibulu ngati mchere wa miyala, ndipo malo ake ndi m'mbali ndi kumbuyo basi. Likaikidwa kutsogolo, mwala umodzi ukhoza kulichititsa khungu lonse dalaivala ali pamtsetse wokhotakhota.

Pambali pa mawuwo pamakhala umboni wakuti galasi linayesedwa. Chilembo E chokhala m'kabwalo ndi nambala chimatchula dziko limene linavomereza, monga E1 ya Germany kapena E43 ya Japan, ndipo 43R yotsatira ndi lamulo la United Nations lokhudza magalasi a galimoto. Mizere iwiri, II, pafupi ndi kabwaloko ikutsimikiza galasi la kutsogolo lomatidwa. M'kalembedwe ka ku America, AS1 ndiye yoyenera kutsogolo, pamene AS2 ndi ya m'mbali ndi kumbuyo.

Timalembati tiyenera kukhala todindidwa pagalasi penipeni. Wogula atikande ndi chikhadabo, ndipo ngati tikufufutika, kapena tili pakapepala komata, galasilo alisiye ngakhale mtengo wake utakhala theka la linzake. Malangizo omveka m'magalaja ena akuti galasi ndi galasi bola lakwana ndi oipa, chifukwa ndi amene amachititsa kuti galasi la mawindo a nyumba lidulidwe n'kuikidwa pachitseko cha galimoto, pomwe likasweka limatuluka zisonga zonga mipeni pafupi ndi khosi la wokwera.

Makaniko akabwera nalo yekha galasi, mwini galimoto aliwerenge lisanapakidwe guluu, pakuti likamatidwa, kulichotsa ndi ntchito yolipiranso kachiwiri ndipo wogulitsa salilandiranso.