PHUNZIRO: Tisanadyetse tiana ta mlamba, tiyambe tadyetsa chakudya chake

Amayi ndi abambo a m'makomiti a m'madoko, phunziro ili tikulembera ku Lilongwe, kutali ndi nyanja, koma nkhani yake ndi yanu. Ku Area 49, kumene ena a ife timakhala, bambo wina anamanga matanki a simenti kuseri kwa nyumba yake kuti aziswetsa mlamba ndi kugulitsa mbewu kwa alimi a mayiwe. Mazira anaswa bwino. Sabata isanathe, tiana tambiri tinali titafa. Titapita kukaona, tinapeza kuti madzi ndi abwino ndipo matenda panalibe. Tinafa ndi njala, chonsecho mwiniwake ankathira gaga wosefa m'mawa ndi madzulo.

Atakhumudwa, bamboyo anati basi azingoitanitsa mbewu kuchokera kunyanja. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani. Oswetsa nsomba akalephera, anthu amatembenukira kumagombe ndi m'mitsinje n'kumakokolola tiana ndi maneti a udzudzu, zomwe makomiti akhala akulimbana nazo chiyambire ntchito yawo ku nyanja ya Malombe mu 1993. Komanso mabanja ena a m'mbali mwa nyanja akukumba mayiwe kuti azipezako ndalama nthawi yotseka nyanja, ndipo vuto lomweli likuwadikira.

Chifukwa chiyani gaga sathandiza?

Chambo ndi makumba amalera ana awo m'kamwa, ndipo anawo akamatuluka amakhala okulirapo, otha kutola chakudya cha ufa. Mlamba sutero. Kamwana kake kamaswa kali ndi kathumba ka chakudya pamimba, komwe kamatha pakapita masiku atatu. Nthawi imeneyo kamwa ndi kakang'ono zedi ndipo m'mimba simunakhwime. Kamafuna chakudya chamoyo, choyenda, chofewa. Chakudyacho ndi tizilombo ta m'madzi tomwe timaoneka ngati fumbi loyandama mukatunga madzi a m'dambo m'botolo n'kuyang'ana padzuwa. Tating'ono kwambiri akatswiri amati rotifer, tokulirapo todumphadumpha amati Moina ndi Daphnia. Usipa wa m'nyanja mwathumu umakulira tizilombo ta mtundu womwewu.

Palinso tina totchedwa Artemia, tomwe mazira ake amabwera m'zitini kuchokera kunja, makamaka ku Great Salt Lake m'dziko la America. Timaswa m'madzi amchere pakatha tsiku limodzi ndipo mlamba umatikonda. Koma chitini chimafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa mu Novembala 2023 zinthu zoitanitsa kunja zinakwera mtengo kwambiri. Ife malangizo athu ndi akuti yambani ndi za m'dambo.

Kachilombo kali ngati thumba

Mfundo yaikulu ya phunziroli ndi iyi: kachilomboka pakokha kalibe thanzi lambiri. Chimene kamwana ka nsomba kamapindula nacho ndi zomwe kachilomboko kadya maola angapo kasanagwidwe. Kakakhala ndi njala, nsomba imameza khungu ndi madzi chabe. Mimba imaoneka yodzadza koma nsomba sikula.

Izi zinadziwika bwino ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko ankaweta rotifer ndi yisiti yekha, ndipo tizilomboto tinkaswana kwambiri, koma tiana ta nsomba za m'nyanja yamchere tikadya tinkafa. Atafufuza anapeza kuti mu yisiti mulibe mafuta ena otchedwa omega-3, omwe amamanga maso ndi ubongo wa kamwana ka nsomba. Atayamba kudyetsa tizilomboto ndere ndi mafuta a nsomba, vuto linachepa. Mlamba uli ndi mwayi, popeza nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kudzipangira ena mwa mafutawa kuchokera ku omwe ali mu ndere. N'chifukwa chake kwa ife madzi obiriwira ndiwo oyamba, mafuta ndi ongowonjezera.

Kachitidwe kake

Yambani sabata ziwiri mazira asanaswe, osati ataswa kale. Pezani migolo iwiri. Ngati madzi ndi a pampope, monga ku Area 49, asiyeni agone masiku awiri kuti klorini achoke. Mangani zitosi za nkhuku zouma, dzanja limodzi kapena awiri, m'kathumba n'kukamiza mu mgolo uliwonse, ndipo migoloyo ikhale padzuwa. Pakatha masiku asanu kapena sabata, madzi amabiriwira. Akayamba kununkha ndi kuda, manyowa achuluka: chotsani kathumba, onjezani madzi. Pamwamba pa migolo vindikirani ndi neti yakale yong'ambika kuti udzudzu usaikire mazira. Ntchito ya neti yotha ndi imeneyi, osati kunyanja.

Mgolo woyamba ndi dimba la ndere, musaikemo kanthu. Wachiwiri ndi khola. Pitani kudambo kapena padziwe lopanda nsomba m'mamawa, sefani madzi ndi nsalu yothina maso, ndipo zomwe zatsalira muzisefenso ndi sefa wa tiyi kuti ana a tombolombo, ambululu ndi zilombo zina zikuluzikulu zisalowe nawo. Ana a tombolombo amadya tiana ta nsomba, ndipo mmodzi yekha amawononga zambiri. Thirani tizilomboto m'khola. Madzi a m'khola akayamba kuyera, ndiye kuti ndere zatha, tungani ku dimba muonjezere.

Tsopano kunenepetsa. Madzulo sefani tizilombo tokwanira mawa lake, muike mu ndowa yoyera yokhala ndi madzi obiriwira kwambiri. Mukhoza kuthiramo yisiti wophikira mandasi, wongotsina ndi zala, wosungunula kaye m'kapu. Pa mafuta, inu a kunyanja muli pabwino kuposa anzanu a m'tauni. Mukamafutsa usipa, mafuta amayandama pamwamba pa madzi. Wengulani pang'ono tsiku lomwelo, sakanizani ndi chachikasu cha dzira ndi madzi m'botolo, khutchumulani mpaka zioneke ngati mkaka. Dzira ndilo limaphwanya mafuta kukhala timadontho tomwe kachilombo kangameze. Mafuta ongothira osasakaniza amayala pamwamba n'kutseka mpweya.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, poganiza kuti kuchulutsa n'kuthandiza. Donthezani pang'ono pokha, madzi angochita kachifunga. Mukachulutsa, m'mawa mudzapeza tizilombo tonse titafa ndipo ndowa ikununkha. Mafuta ogona, onunkha chiwawa, musagwiritse ntchito. Amene ali ndi kapampu ka mpweya aike mu ndowa, ndipo magetsi akathima avundule madzi pang'onopang'ono ndi dzanja. Amene alibe agwiritse ntchito beseni lotambalala, madzi osazama. Ulendo woyamba yesani ndi ndowa imodzi muone zotsatira.

M'mawa, patatha maola 8 mpaka 12, sefani, tsukuluzani ndi madzi oyera, ndipo dyetsani nthawi yomweyo. Mukachedwa, kachilombo kamagaya zomwe kadya n'kubwerera pomwe kanali. Onani padzuwa: kokhuta kamaoneka kobiriwira kapena kachikasu m'mimba, kanjala kamaoneka mbee ngati galasi.

Dyetsani kanayi kapena kasanu patsiku, kuphatikizapo usiku, pakuti mlamba umadya bwino kukada, ndipo thanki likhale pamthunzi. Pakatha sabata yambani kusakaniza ndi ufa wosalala wa usipa, mukuchepetsa tizilombo pang'onopang'ono mpaka sabata yachiwiri itatha. Muzichotsanso tiana tomwe takula msanga kuposa tinzake, chifukwa mlamba wanjala umadya m'bale wake.

Bambo wa ku Area 49 uja tsopano ali ndi migolo inayi pafupi ndi khola la nkhuku, ndipo wayambiranso kuswetsa. Makomiti amene akufuna kuona ndi maso alankhule ndi mlangizi wa zausodzi wa dera lawo, akonze ulendo wopita ku malo a zaulimi wa nsomba ku Domasi m'boma la Zomba kapena ku Bunda. Popita tengani botolo la madzi a m'dambo lanu, mukaone pa makina okuza zinthu kuti muli tizilombo tanji.