Mlonda wa pa Mlatho Wopanda Waya

M'nkhani ino ndifuna kukufotokozerani za makina otchedwa wireless bridge, ndi njira yosefera zooloka pamenepo. Makinawa ali ngati mlatho, pakuti alumikiza makompyuta a m'nyumba ziwiri zotalikirana, monga laibulale ndi ofesi ya aphunzitsi, popanda kukumba ngalande ya waya. Atumiza mauthenga pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz kapena 5 GHz, motsata malamulo otchedwa 802.11, amene bungwe la IEEE linayamba kutulutsa m'chaka cha 1997.

Kompyuta iliyonse ili ndi nambala yakeyake, MAC address, ya ma bit 48, yolembedwa ndi zizindikiro 12. Mlatho uwerenga nambala zimenezi, nuphunzira kuti wakuti ali tsidya lino, wakuti ali tsidya ilo. Koma uthenga wolembedwa FF:FF:FF:FF:FF:FF uli wa onse, ndipo mlatho uwolotsa osafunsa. Mauthenga otere akachuluka, njira ipanikizika, ndipo ntchito yeniyeni ichedwa. Ndicho chake tiikapo mlonda, ndiye filter.

Choyamba, sankhani mtundu wa mndandanda. Mungalembe oletsedwa okha, ena onse nkumadutsa. Kapena ololedwa okha, ena onse nkubwezedwa. Ine ndiona kuti wachiwiriwu ndiwo woyenera pa sukulu, chifukwa mlendo sitingamudziwe nambala yake asanafike.

Chachiwiri, samalani ndondomeko ya malamulo anu. Pa makina ambiri, monga a MikroTik kapena a Linux okhala ndi ebtables, mlonda awerenga kuchokera pamwamba kutsika pansi, natsata lamulo loyamba logwirizana ndi uthengawo. Mukaika "letsa onse" pamwamba, malamulo a m'munsi onse apita pachabe.

Chachitatu, musaletse mauthenga onse a kwa onse, pakuti ena ali ofunika ndithu. ARP ndiyo ifunsa kuti nambala yakuti ya IP ndi ya yani, ndipo DHCP ndiyo igawira makompyuta nambala za IP, pa makomo 67 ndi 68 a UDP. Mukatseka zimenezi, kompyuta ya tsidya ilo ikhala ngati mwana wosowa dzina. Choyenera kuletsa ndicho mayankho a DHCP ochokera ku mbali imene kulibe wogawa weniweni, kuti munthu wolumikiza router yake mosadziwa asasokoneze sukulu yonse.

Chachinayi, lamulo lanu loyamba lilole kompyuta imene mugwiritsa ntchito pokonza mlathowo. Mukaiwala, mudzadzitsekera kunja nokha, ndipo mudzayenera kupita kumene kuli makinawo, mwina pamwamba pa denga, kukawakonza ndi manja.

Pomaliza, dziwani kuti mlonda ameneyu angathe kunamizidwa. Munthu wochenjera asintha MAC address yake mosavuta, ndiponso mafoni ambiri a masiku ano adzipatsa nambala zongopeka. Chifukwa chake tsekani mlatho wanu ndi WPA2 ya m'chaka cha 2004 kapena WPA3 ya m'chaka cha 2018, ndi mawu achinsinsi aatali.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ikani lamulo limodzi, liyeseni, lilembeni m'kope, kenaka muikenso lina. Mukatero, wodzakonza pambuyo panu adzadziwa chimene munachita ndi chifukwa chake.