Bokosi la mpweya: chifukwa chake njinga ya achimwene inatha mphamvu

Achimwene anga amapanga kabaza wa njinga yamoto pakati pa Malindi ndi Mangochi boma. Tsiku lina anamasula kabokosi kakuda kamene kamakhala pansi pa mpando, kumbuyo kwa kabureta, n'kukataya kuseri kwa nyumba. Ndinawafunsa chifukwa chake. Iwo anati: "Mphwanga, kamangotsamwitsa injini. Tamva mmene ikulirira tsopano!" Inkaliradi ngati ya mpikisano. Koma chilimwe chisanathe, njinga ija inayamba kufuka utsi, kudya oilo ndi kulephera pachitunda. Ndalama za fizi ya mlongo wathu zinathera kwa makaniko.

Tiyeni tione chimene chinachitika, poti ndi Physics yomweyi ya m'kalasi.

Injini imapuma ngati ife. Petulo sangayake popanda okosijeni, ndipo mumpweya okosijeni alimo magawo 21 okha pa 100 alionse. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740, ndiye kuti imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Tawerengerani nokha izi: injini ya 150cc imakoka mpweya kamodzi ikazungulira kawiri. Ikamazungulira ka 6,000 pamphindi, imakoka ka 3,000. Chulukitsani 3,000 ndi malita 0.15, mupeza malita 450 pamphindi imodzi. Mpweya wonsewo umadutsa m'kabokosi kaja.

Ndiye wopanga bokosi la mpweya, kaya la njinga ya kabaza kaya la galimoto yampikisano, amayenera kuyankha mafunso anayi.

Loyamba: kodi mpweyawo ndi woyera? Fumbi la mumsewu wopita ku Makanjira si ufa wamba ayi. Muli timchenga tolimba kwambiri moti timakanda chitsulo. Tikalowa mu silinda timapala khoma lake ndi maring'i a pisitoni pang'onopang'ono ngati sandipepa. Mpata ukakula, mphamvu imapulumuka ndipo oilo amakwera n'kumapsa limodzi ndi petulo. Utsi wa achimwene uja unachokera pamenepo. N'chifukwa chake m'bokosimo mumakhala fyuluta ya pepala kapena ya siponji yonyowetsa ndi oilo.

Lachiwiri: kodi ndi wozizira? Kumbukirani lamulo la Charles: mpweya ukatentha umafufuma. Kunja kukakhala madigiri 30, ndiye 303 pa sikelo ya Kelvin. Pafupi ndi injini yotentha ukhoza kufika madigiri 60, omwe ndi 333. Gawani 303 ndi 333, mupeza 0.91. Kutanthauza kuti silinda yomweyo ikadzaza ndi mpweya wotenthawo, okosijeni wachepa ndi magawo 9 pa 100. Choncho kukamwa kwa bokosi kumayenera kutalikirana ndi injini ndiponso ekizozi.

Lachitatu: kodi ukuyenda mosavuta? Yesani kumwa thobwa ndi kaudzu kopyapyala, muona mmene masaya angawawire. Paipi yopapatiza kapena yokhotakhota imavutitsa injini chimodzimodzi. Mukakulitsa paipi kawiri m'mimba mwake, malo odutsa mpweya amakula kanayi. Komabe samalani, pakuti kabureta inapangidwa mogwirizana ndi bokosi lake. Mukalichotsa, petulo amachepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo injini imatentha mopitirira muyeso.

Lachinayi: nanga madzi? Mpweya umapanikizika, koma madzi sapanikizika. Madzi ambiri akalowa mu silinda, pisitoni imagunda ngati yagunda mwala, ndipo chitsulo choigwira chikhoza kupindika. Mukaona Land Cruiser ili ndi paipi yokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga, dziwani kuti ikukokera mpweya pamwamba, kutali ndi madzi a pamtsinje komanso fumbi la matayala.

Mwaona kuti mafunsowa amakokana? Fyuluta yothina imagwira fumbi lambiri koma imachepetsa mpweya. Yotakasuka imapatsa mphamvu koma imalowetsa mchenga. Ampikisano ena amalolera zimenezo chifukwa injini zawo amazimasula pafupipafupi. Munthu wa kabaza sangakwanitse. Njira yabwino ndi kukulitsa fyuluta, ndipo n'chifukwa chake pepala lake amalipinda makwinyamakwinya, kuti lalikulu likwane m'malo ochepa.

Kayeseni izi kunyumba. Vekani baluni pakamwa pa botolo lopanda kanthu, muliviike m'madzi otentha, kenako m'madzi ozizira. Lembani zimene baluniyo akuchita, ndipo mufotokoze chifukwa chake injini imakoka bwino m'mamawa wa mwezi wa June kusiyana ndi masana a October.

Kabokosi kaja ndinakatola ndine kuseri kwa nyumba. Achimwene anakabwezera okha, ndipo masiku ano Loweruka lililonse amatsuka siponji yake asanatsuke njinga.