Ndani Akubwera pa Webusaiti Yanga? Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Mabizinesi

M'kabuku kano tiyerekeze kuti muli ndi malo ogona alendo, a zipinda zisanu ndi chimodzi, m'mphepete mwa nyanja ku Cape Maclear. Ngati bizinesi yanu ndi yosoka zovala kapena yobwereketsa galimoto, zambiri sizisintha.

Webusaiti ndinalipira kale ndipo ikuyenda bwino. Kuwerenga alendo n'kwa chiyaninso?

Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amadziwa nthawi imene anthu amachuluka. Amamuona munthu amene wafunsa mtengo n'kupita osagula, ndipo akachuluka otero amadziwa kuti mulu wachepa kapena mtengo wakwera. Pa webusaiti inu simuona aliyense. Munthu wa ku Berlin akhoza kutsegula tsamba la zipinda, kudikira zithunzi zimene zikuchedwa kutuluka, n'kutopa, inu muli phee mukuti chaka chino alendo kulibe. Chida chowerengera alendo chimakuuzani kuti abwera angati, adzera njira iti, awerenga tsamba liti, ndipo atulukira pati.

Ndiyambe ndi chida chiti?

Ambiri amayamba ndi Google Analytics chifukwa ndi yaulere. Kampani ya Google inagula kampani ina yotchedwa Urchin mu 2005, ndipo chaka chomwecho inatulutsa chidachi. Mtundu umene ukugwira ntchito lero ndi GA4, umene unatuluka mu 2020. Wakale uja, Universal Analytics, unaleka kulandira manambala pa 1 July 2023. Izi tikuzitchula chifukwa pa YouTube padakali mavidiyo ambiri ophunzitsa mtundu wakale, ndipo mukawatsata mudzataya tsiku lonse kufunafuna mabatani amene kulibe. Chizindikiro chake n'chosavuta: nambala yoyamba ndi UA ndi yakale, yoyamba ndi G ndiye yatsopano.

Tsegulaninso Google Search Console, nayonso yaulere. Iyo imaonetsa mawu amene anthu analemba pa Google asanakupezeni, ndipo imasunga mbiri ya miyezi 16. Zilipo zina monga Matomo ndi Plausible, koma poyamba ziwirizi zikwana.

Kodi kuika kwake n'kovuta?

Ayi. Mumatsegula akaunti, Google imakupatsani kachidutswa ka code, ndipo kameneko kamaikidwa pa masamba onse a webusaiti. Ngati webusaiti yanu inapangidwa ndi WordPress, pulogalamu ya Site Kit imachita ntchitoyi popanda inu kugwira code. Mukatha, tsegulani webusaiti pafoni yanu n'kuyang'ana gawo lotchedwa Realtime, limene limaonetsa alendo a mphindi 30 zapitazi. Mukadzionapo, ndiye kuti zatheka. Malipoti ena amatha kuchedwa tsiku limodzi kapena awiri, musade nkhawa.

Koma apa timvetsetsane. Akauntiyo itsegulidwe ndi imelo ya bizinesi yanu, osati ya mnyamata amene anakupangirani webusaiti. Iyeyo mumulowetse ngati wothandiza chabe. Mawa mukasemphana pa malipiro, kapena akapita ku Joni n'kusintha nambala, mbiri yonse ya alendo anu idzapita naye, ndipo chidachi sichiwerenga zam'mbuyo: chimayambira tsiku limene chaikidwa. Tsiku lomwelo lowani pa Data retention musinthe nthawi yosunga tsatanetsatane wa alendo kuchoka pa miyezi iwiri kufika pa miyezi 14, kuti mudzathe kufananitsa bwino Khirisimasi ino ndi yapita.

Ndatsegula, koma manambala ndi ankhaninkhani. Ndiyang'ane ati?

Diso limathamangira pa chiwerengero cha alendo onse, chifukwa ndicho chachikulu ndipo chimakoma kuchitchula kwa anzanu. Koma anthu chikwi oona chithunzi cha dzuwa likulowa m'nyanja salipira wophika wanu. Musanatsegule lipoti lililonse, dzifunseni kuti munthu akachita chiyani pa webusaiti ndiye kuti wayandikira kukupatsani ndalama. Pa malo ogona ngati anu, ndi kudina batani la WhatsApp, kudina nambala ya foni, kapena kutumiza fomu yosungitsa chipinda. GA4 imatchula zochitika zoterezi kuti key events, dzina limene mu 2024 linalowa m'malo mwa conversions. Chidachi chimalemba chokha munthu akadina linki yotulukira kunja monga ya WhatsApp, koma muyenera kuchiuza kuti kudina kumeneko ndiko kofunika. Wokupangirani webusaiti akuthandizeni, ndi ntchito yaing'ono.

Mukatero manambala ena onse amayamba kukhala ndi mutu. Tiyerekeze kuti mwezi watha Facebook inakubweretserani anthu 400 ndipo atatu okha anadina WhatsApp, pamene Google inabweretsa 90 ndipo khumi ndi awiri anadina. Ndalama yotsatsira mwezi uno muiponya kuti? Kapena mwaona kuti anthu ambiri amafika pa tsamba la mitengo n'kutuluka pomwepo. Mwina mtengo wakwera. Mwinanso mwalemba madola okha, pamene ofika patsambalo ndi mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre amene akufuna kuona makwacha ndi kudziwa ngati mumalandira Airtel Money kapena Mpamba. Chida sichingakuuzeni chifukwa chake. Chimangoloza pamene pali bala, kufufuza n'kwanu.

Yang'ananinso kuti ogwiritsa foni ndi angati. Chithunzi chachikulu chimene chimatuluka msanga pa kompyuta ya mu ofesi chimadya bandulo ya munthu wa foni, ndipo iye sadikira.

Nanga engagement rate ndi chiyani?

Ndi gawo la maulendo amene mlendo anakhala masekondi oposa khumi, kapena anatsegula masamba awiri, kapena anachita key event. Isakusowetseni tulo. Munthu amene walowa, wakopera nambala yanu n'kukuimbirani angaoneke ngati sanachite kanthu, chonsecho ndiye kasitomala wanu.

Lipoti likuti ambiri akuchokera ku Direct. Kumeneko ndi kuti?

Si malo. Direct ndi dengu limene chidachi chimaponyamo aliyense amene sichinadziwe kumene wadzera. Ena analembadi okha dzina la webusaiti, koma ambiri anadina linki pa WhatsApp, ndipo kawirikawiri mauthenga otere safika ndi chizindikiro cha kumene achokera. Kwa ife amene malonda ambiri amayenda m'magulu a WhatsApp, dengu limeneli limadzaza msanga. Mankhwala ake ndi kuika tizizindikiro totchedwa UTM kumapeto kwa linki musanaitumize. Chida chaulere cha Campaign URL Builder chimakulumikizirani: pa source mulembe whatsapp, pa medium mulembe social, pa campaign mulembe khirisimasi. Muzilemba ndi zilembo zazing'ono nthawi zonse, chifukwa WhatsApp ndi whatsapp zidzawerengedwa ngati njira ziwiri.

Kodi manambalawa ndi oona ndithu?

Ndi oyandikira chabe. Munthu mmodzi wolowa pafoni masana n'kulowanso pa laputopu usiku amawerengedwa ngati awiri. Ena amatseka zida zowerengera ndipo saoneka konse. Inu nomwe ndi antchito anu mukamatsegula webusaiti tsiku lililonse mumadziwerengera. Dziko limene mlendo ali limaoneka molondola kawirikawiri, koma mzinda musaukhulupirire kwambiri kwa ogwiritsa netiweki ya foni. Ndipo ngati alendo anu ndi 60 pa sabata, kutsika kufika pa 45 si tsoka; dikirani mwezi uthe.

Malamulo akuti chiyani?

Google imaletsa kutumiza mayina, maimelo kapena nambala za foni za anthu ku Analytics. Ku Malawi kuli lamulo loteteza chinsinsi cha anthu la 2024, Data Protection Act, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Poti alendo anu ena ndi a ku Ulaya, lamulo lawo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito mu May 2018, likhoza kukukhudzaninso. Ikani uthenga wopempha chilolezo cha ma cookies ndi tsamba lofotokoza zimene mumasonkhanitsa.

Ndiziyang'ana kangati?

Theka la ola kumayambiriro kwa mwezi n'lokwanira, pokhapokha ngati mukulipira malonda sabata imeneyo. Lembani m'kope alendo a njira iliyonse ndi key events zawo, mufananitse ndi mwezi womwewo chaka chatha, chifukwa kunyanja February wa mvula sangapikisane ndi August. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha, monga kukweza batani la WhatsApp pamwamba, kuti mwezi wamawa mudziwe chimene chasintha manambala.

Chidachi chimathera pamene munthu wadina batani. Ngati anakambirana nanu n'kulipira, icho sichidziwa. Choncho pa tebulo lolandirira alendo pakhale kope lina, ndipo mlendo aliyense akamalembetsa dzina afunsidwe kuti, "Munatidziwa bwanji, bambo?" Kumapeto kwa mwezi muike makope awiriwo pamodzi.