Pofufuzira alimi a fodya zikalata pa foni: zoyenera ndi zosayenera

Mphwanga, poti foni yaikulu m'kalabu ndi yako, alimi amathamangira kwa iwe akamva mphekesera za lamulo latsopano kapena akabwerako ku okushoni ya Chinkhoma mitu itaima. Kupeza chikalata pa Google aliyense amatha. Ntchito yagona pa kumufikitsa munthu pa ndime yake yeniyeni m'chikalata cha masamba ambirimbiri, ndipo apa ndi pamene ambiri mumapunthwa.

Zoyenera

- Yamba wafunsa chomwe chavuta, chifukwa "tationerani za fodya" ikhoza kukhala nkhani ya laisensi, ya kontirakiti kapena ya ndalama zodulidwa pa belo.
- Yang'ana chaka ndi mwini chikalata: lamulo la fodya la 2019 linasintha Tobacco Control Commission kukhala Tobacco Commission, ndiye ukaona dzina lakalelo dziwa kuti wagwira zakale.
- Tsegula kaye mndandanda wa zam'kati, pakuti malamulo a pa webusayiti ya MalawiLII anayalidwa m'magawo ndi m'ndime za manambala, ndipo njira yachidule ili pomwepo.
- Dina kagalasi kofufuzira m'kati mwa PDF, ulembe liwu limodzi la Chingelezi monga burley kapena quota, poti zikalata zambirizi sizili m'Chichewa.
- Ukapeza mzere, kwera m'mwamba uone mutu umene ukuulamulira, mwina ukunena za ogula, osati alimi.
- Werenga ndime ya matanthauzo koyambirira kuja, chifukwa lamulo limadzinenera lokha kuti mlimi ndani, wogula ndani.
- Tsikira kumapeto kwenikweni, mafomu ndi mindandanda amakonda kuziika kumeneko.
- Mulembere munthu pa pepala dzina la chikalata, chaka ndi nambala ya ndime, kuti akafika ku ofesi akaloze ndi chala.
- Sunga chikalata m'foni netiweki ikadalipo, bandulo sachedwa kutha.

Zosayenera

- Usakhutire ndi timizere tiwiri timene Google yakuonetsa, amenewo ndi masamba a pamwamba pa belo, za m'kati sunazione.
- Usaime pa lamulo loyamba: lamulo la za ntchito la Employment Act ndi la 2000, koma kusintha kwa 2021 ndi kumene kunathetsa utenanti, ndipo wowerenga chikalata chakale chokha adzasocheretsa mudzi wonse.
- Usalekere pa ndime imodzi. Ndime 21 ya lamulo lomwelo imaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, pomwe ndime 22 imateteza ofika mpaka zaka 18 ku ntchito zoononga thanzi ndi maphunziro. Ukawerenga yoyamba yokha, mwana wa zaka 15 akagwira mankhwala ku nazale chifukwa cha iwe, ndipo zimenezi zimandiwawa.
- Usadumphe timawu ngati except, unless ndi subject to, timeneti ndi timene timatembenuza chiganizo chonse.
- Usafulumire kunena kuti "mulibemo" kagalasi kakapanda kupeza kanthu, zikalata zina anachita kuzijambula ndipo zimafuna maso ako.
- Usawerenge nambala ya pa tebulo usanaone mutu wa mzere wake, makilogalamu ndi madola zimakhala moyandikana pa pepala la malonda.
- Usatenge chikalata cha TIMB poti chikunena za fodya, chimenecho ndi cha ku Zimbabwe.
- Usamutchulire munthu nambala ya tsamba ya pa foni, nthawi zambiri imasiyana ndi yosindikizidwa pa chikalata.
- Usaponye pa WhatsApp chithunzi chodula mutu ndi chaka, mawa chidzakhala chikuzungulira Santhe mpaka Chulu ngati lamulo latsopano.
- Usamasulire mongoganizira pamene Chingelezi chakukanika, pita nayo ndimeyo kwa mlangizi wa ARET kapena kwa a TAMA, mlimiyo ali pambali pako.